Mapepala Anga Ali m'Dirowa ya Amayi Otayipa

Ananditengera mapepala makumi atatu ndi anayi. Ankawathothola m'makope anga ine ndikuona, nthawi zina limodzi, nthawi zina atatu pakamodzi, n'kuwaponya m'dirowa ya tebulo lawo. Anali amayi otayipa makalata m'kontena yobiriwira kuseri kwa msika ku Area 25. Mpaka lero sanandibwezere.

Ndikulemba izi chifukwa masiku ano achinyamata ayamba kundilondola ndi makope awo. Anamva kuti nkhani zanga zimatuluka m'nyuzipepala, ndiye akufuna malangizo. Ine mtima wophunzitsa ndilibe. Ndimatopa msanga, ndipo ndikatopa ndimalankhula zopweteka. Choncho ndilembe kamodzi, wofuna awerenge, andisiye.

Sukulu ndinalekera Fomu 3. Kunyumba ndinanena kuti andichotsa, ndipo bambo anga sanafunse zambiri. Iwo ankanyamula mabelo a fodya ku Kanengo, ntchito ya nyengo: msika wa fodya ukatsegulidwa amakuitana, ukatsekedwa umabwerera kunyumba kukadikira chaka china. Ankapita pa njinga m'mawa n'kubwera madzulo akununkha fodya mpaka m'tsitsi. Ine ndinakhala pakhomo chaka chathunthu. Ndikafuna kulowa vidiyo ndinkaumba njerwa za anthu, nthawi yotsalayo ndinkadzaza makope.

Chaka chachiwiri, msika utangotsegulidwa, bambo anandiitanira panja.

"Iwe, msika ukatseka ukupita ku Ntcheu kwa amalume ako. Ukalime kachewere."

"Ine ndine wolemba, Ababa."

"Wolemba chiyani?"

"Nkhani. Za m'nyuzi."

Anati, "Chabwino. Undionetse dzina lako m'nyuzimo msika usanatseke. Likapanda kuoneka, ukwera basi."

Ndinabadwira m'tauni. Kumudzi ndinali nditapitako kawiri kokha, konse ku maliro. Khasu sindinkalidziwa, ndipo ndinali nditaona kuti mnyamata wotumizidwa kukalima sabwerako. Pakatha zaka ziwiri umangomva kuti wakwatira. Ndinali ndi miyezi ngati isanu.

Nyuzipepala ya kumapeto kwa sabata inkakhala ndi masamba a Chichewa, ndipo ankasindikizamo nkhani yaifupi imodzi. Pansi pake ankalemba kuti zolemba pamanja salandira. N'chimene chinandifikitsa ku kontena.

Munali tebulo, kompyuta yofunditsidwa chitenje poopa fumbi, makina akale otayipira odikira magetsi akathima, telefoni yoimbitsa anthu, ndi benchi imodzi. Amayiwo anali atapuma ntchito ya usekilitale. Magalasi awo ankalendewera pa chingwe. Lamulo lawo linali limodzi: zolemba za munthu sankawerenga. Ankati maso awo anathera m'maofesi. Mwini kalata ankaima pambali pa tebulo n'kumawerenga mokweza, iwo akutayipa. Kaya ndi kalata yofunsira ntchito, kaya ndondomeko ya maliro, kaya yodandaula kwa alandilodi, onse a pabenchi ankamva. Anthu anali atazolowera.

Tsiku loyamba ndinatenga nkhani imene ndinkaiona ngati yoposa zonse. Itakwana nthawi yanga ndinapereka kope, iwo osalilandira.

"Werenga, mwana wanga."

"Iyi ndi nkhani, Amayi. Si kalata."

"Nkhani ilibe mawu? Dzina kaye."

Ndinatchula dzina langa ndi la bambo anga. Anakweza mutu n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi, kenaka analitayipa. Ndiye ndinayamba. Ndinawerenga za dzuwa likutuluka kum'mawa, za mame pa udzu, za mbalame, za mphepo yoomba pang'onopang'ono. Ndinamaliza pepala loyamba, ndinalowa lachiwiri. Kenaka ndinazindikira kuti m'kontenamo mukumveka mawu anga okha. Zala zawo zinali pamwamba pa mabatani, osagunda.

"Magetsi athima?" ndinafunsa.

"Magetsi alipo. Ndikudikira munthu."

"Munthu uti?"

"Wa m'nkhani yakoyo. Afika liti?"

Kumapeto kwa benchi kunali madala ena ovala chipewa chaubweya, mlonda wa ku Kanengo, amene ankakonda kudzakhala pamenepo akaweruka. Anati, "Akadali m'bafa ameneyo. Dzuwa latuluka katatu, iye osadzuka." Benchi yonse inaseka.

Ndinafuna kutuluka. Ndinapitiriza chifukwa cha manyazi basi. Pa pepala lachinayi mtsikana anagogoda pakhomo la azakhali ake, chikwama chili pamutu. Nditangowerenga mzere umenewo zala zija zinayamba kuthamanga. Titamaliza anatambasula dzanja, ine ndikuganiza kuti akufuna kuona kalembedwe ka dzina. Anathothola mapepala atatu oyamba n'kuwaika m'dirowa.

"Moni wautali ukapereke kwa apongozi ako," anatero. "Wowerenga nyuzi ali mu minibasi, wapanikizika, atsika pa siteji yachiwiri. Umuuze msanga amene wagogoda."

Inu amene mumandibweretsera makope, nonse mumayamba ndi dzuwa. Ndikudziwa kumene munazitenga. Kusukulu ankatipatsa malikisi a mawu oyamba, ndiye tinazolowera kukonza kukhosi tisananene kanthu. Pezani malo amene munthu wachita chinthu, muyambire pamenepo. Zam'mbuyozo munkalembera inu nokha, kuti dzanja lifewe. Si zoipa kuzilemba. Choipa n'kuzitumiza.

Nkhani yomweyo inatayanso pepala lomaliza. Mtsikana uja ndinamudwalitsa, ndinamupha, kenaka ndinalemba ndime yaitali yochenjeza atsikana onse za moyo wa m'tauni. Zala zinaimanso. Mayi wina amene ankadikira makadi a ukwati analankhula asanafunsidwe.

"Wamupheranji mwana wa eni? Iye amangofuna pogona."

"Kuti anthu atengepo phunziro," ndinayankha.

"Ulaliki tikamva Lamulungu. Apa timafuna tidziwe ngati azakhaliwo anatsegula."

Ndinatumiza zotsalazo pa positi. Loweruka lililonse ndinkaima kwa wogulitsa nyuzi pa siteji, kutsegula masamba a Chichewa osagula, kuona dzina la munthu wina, kubweza. Wogulitsayo anafika pondidziwa. Akandiona patali ankangopukusa mutu, kuti ndisavutike kuwoloka msewu.

Nkhani yachiwiri ndinaiika ku Joni. Munali mfuti, magalimoto othamangitsana ndi bwana wa zigawenga wosuta ndudu yaikulu. Zonsezo ndinazitenga m'vidiyo. Ndinawerenga monyada, kusintha mawu pamene zigawenga zikulankhula. Amayi anatayipa dzina langa lokha.

"Mphwanga," anatero madala aja, "ku Joni kwakoko kumazizira?"

"Sindinalembe za nyengo."

"Ndaona. Ine ndinakhalako ku migodi ndili ngati iweyo. Ukafika kumene kuja choyamba kukupweteka ndi makutu, kuzizira. Chachiwiri, ukalankhula chiyankhulo chakwanu m'sitima anthu amakutembenukira. Mfuti zakozo zimabwera pambuyo. Iwe unafikako?"

"Ayi."

"Ku Dedza kokha unafikako?"

"Ndinadutsapo."

"Anadutsapo," anauza benchi.

Tsiku limenelo mapepala onse asanu ndi anayi analowa m'dirowa. Ndinatsutsa. Ndinati olemba amalemba za m'mutu, ndi ntchito yawo. Amayi anavomera, n'kunena kuti koma m'mutu mwanga munali vidiyo ya anthu ena. Anandifunsa kuti kunyumba kwathu madzi timatunga kuti, ndani amayamba mzere, amakangana chiyani. Ndinayankha mwaukali, mofulumira, zinthu zambiri. Anati, "Wamva? Apo sunachite chibwibwi ngakhale kamodzi."

Ndinene chinthu chimodzi chimene ndinachedwa kuchiona. Amayi aja ankalipiritsa zokhazo zimene atayipa. Pepala lililonse lolowa m'dirowa linali malonda awo otayika. Akanatha kutayipa dzuwa langa, mbalame zanga ndi Joni yense, ine n'kumaumba njerwa zowonjezera. Mukapeza munthu wokuuzani kuti zanu n'zoipa pamene iye akanapindula mukanazisiya momwemo, musamutukwane mumtima monga ndinkachitira ine.

Miyezi inapita. Ndinaphunzira kumvetsera zala. Ndikamawerenga sindinkayang'ananso kope kwenikweni, khutu linali pa mabatani. Pena ankaima pa liwu limodzi lokha, lalikulu, limene ndinaliika kuti anthu aone kuti ndimadziwa Chichewa chakuya. Ankafunsa kuti, "Amayi ako amatero?" Pena ankaima pamene anthu anga akulankhulana ngati akuwerenga nkhani za pa wailesi. Ndinayamba kuwerenga mokweza ndili ndekha kuseri kwa nyumba ndisanapite ku kontena, ndipo malo ambiri lilime langa lomwe linkakana. Nkhani zina zitatu zinapita pa positi. Palibe inatuluka.

Ndiye ndinalemba ya mphunzitsi. Imeneyi ndinailemba masiku awiri, cholembera chikuboola pepala. Mphunzitsi wa m'nkhaniyo ankadana ndi mnyamata wanzeru, anamunamizira, anamuchotsetsa sukulu. Ndinamupatsa mimba yaikulu ndi mano achikasu. Ankaba mabuku a sukulu, ankavutitsa atsikana, ndipo kumapeto anamenyedwa ndi mphezi.

Linali Lachitatu masana, magetsi atathima. Pabenchi panalibe munthu, ngakhale madala aja. Amayi anakokera pafupi makina akale aja, amene akagunda amamveka mpaka pa msika. Ndinawerenga ndime yoyamba, makina akulira. Nditafika pa mphunzitsi makinawo analeka kulira.

"Mphunzitsi ameneyu ali ndi ana?"

"Sindikudziwa."

"Amakhala kuti? Amabwera wapansi kapena pa njinga?"

"Zilibe ntchito, Amayi. Ndi munthu woipa."

"Ndamva kuti ndi woipa, wanena kasanu. Koma sindikumuona. Ndikuona iweyo wakwiya. Nanga mnyamatayu anamuchotsa bwanji? Anaitana makolo? Anamupatsa kalata?"

Anavula magalasi n'kuwasiya alendewere.

"Pano sinditchula maina a anthu, ndipo sinditchula. Chaka chatha panabwera bambo wina atavala ovololo, akununkha fodya. Anaima pomwe waimapo. Analibe pepala, ankangonena za m'mutu, chipewa chili m'manja. Inali kalata yopita kwa ahedi, yopepesa. Ankati sakudziwa chimene mwana wake walakwa, koma chilichonsecho amukhululukire, chilango apereke kwa iye bambo. Zala zanga sizinaime ngakhale kamodzi. Patapita masiku anadutsa pano, ndinamufunsa kuti zayenda bwanji. Anati, akuti sanamuchotse, anachoka yekha."

Ndinakumbukira momwe anandiyang'anira tsiku loyamba nditatchula dzina.

Zoona zake n'zimenezo. Palibe anandichotsa. Mphunzitsi wa Chichewa anatipatsa chimangirizo, ine ndinachilemba sabata yathunthu. Pobweza anandiimika kutsogolo n'kufunsa kuti ndakopera m'buku liti, chifukwa mwana wa Fomu 3 sangalembe chotero. Kalasi inaseka. Ndinatenga chikwama, ndinatuluka, sindinabwererenso. Analakwa mphunzitsi uja, ndipo mpaka lero ndikamukumbukira mtima umawawa. Koma mabuku sanabe, mtsikana sanavutitsepo, ndipo pakhomo ndinatuluka ndi miyendo yanga.

"Mulibe ufulu wondiuza zimenezo," ndinatero.

"N'zoona, ndilibe," anayankha, akuthothola mapepala. "Ukafuna kubwezera munthu, kamudikire pa njira. Pepala silidziwa kumenya. Limangoonetsa amene walemba."

Ndinatuluka osatsanzika, ndipo ndinakhala masabata awiri osapondako. Ndinkazungulira njira ya kuchigayo kuti ndisadutse pa kontena. Pa msewu wa M1 malole a fodya anayamba kuchepa. Amayi anga anatsitsa chikwama chachikulu pamwamba pa kabati n'kuchipukuta fumbi.

Masabata awiri amenewo ndinkangoyang'ana bambo anga. Chaka chonse ankadziwa kuti ndinanama, ndipo ankadya nane mbale imodzi. Ndinaona zinthu zimene ndinali ndisanazionepo ngakhale ndinkakhala nawo nyumba imodzi: kuti pokwera njinga ankayamba atsokomola kawiri, kuti phewa lakumanja linali lotsika kuposa linzake, kuti ovololo ankachapa okha chifukwa fungo la fodya linkawadwalitsa mutu amayi. Ndinayesa kulemba za ulendo wawo wa kusukulu, koma ndinaona kuti ndikupekanso. Sindinkadziwa chimene chinachitika. Inali Joni ina.

Lamulungu masana ndinawapeza akumata chubu cha njinga pansi pa mtengo wa mango. Ndinakhala pa njerwa.

"Ababa, munapita kusukulu kuja?"

Anaviika chubu m'beseni, kufunafuna pobowoka. "Ndinapita."

"Zinayenda bwanji?"

"Ukufuna ulembe?"

"Eya."

Anapeza thovu, anaikapo chala. Ndiye anafotokoza, osandiyang'ana. Anati anapempha kapitawo kuti achedwe, anapita ndi ovololo chifukwa ankaganiza kuti sizitenga nthawi. Anawakhazika pa benchi ya panja pa ofesi, pamodzi ndi ana atatu odikira chilango. Mmodzi wa anawo anawafunsa ngati abwera kudzakonza mpope. Anakhala pamenepo mpaka belu la buleki. Envelopu inanyowa ndi thukuta m'manja, ndiye ankaisinthasintha dzanja. Atalowa, ahedi anawerenga kalata yonse, anatsegula kaundula, anawatembenuzira kuti aone okha. Dzina langa linalimo, losafufutidwa, kutsogolo kwake kuli mzere wautali wa masiku ojomba. Ahedi anawabwezera kalata ija n'kunena kuti palibe choti akhululuke.

"Kalatayo ili kuti?"

"Ndinayatsira mbaula."

"Bwanji simunandifunse?"

"Ndimadikira unene wekha." Anapaka guluu. "Wachedwa, koma wanena. Gwira apa."

Ndinagwira chigamba mpaka chinauma.

Achinyamata inu mumaopa kufunsa. Mumaganiza kuti wolemba weniweni amatulutsa zonse m'mutu, ndipo kufunsa ndi kubera. Mwana wofunsa za mpope uja sindikanamupeka ngakhale mutandipatsa chaka. Envelopu yonyowa ija sindikanaiganiza. Zinali kwa munthu amene ndinkagona naye nyumba imodzi, ine ndili kalikiliki kuthamangitsa magalimoto ku Joni.

Ndinalemba mapepala asanu. Mnyamata ndinamusiya kunja kwa nkhani, sanaonekemo n'komwe. Munali bambo, benchi, envelopu ndi kaundula. Lolemba ndinapita ku kontena. Benchi inali yodzaza, madala aja ali pamalo pawo.

"Alembi abwera," anatero. "Lero tikupita dziko liti?"

"Pompano, madala."

Amayi sanandifunse kumene ndinali. Anavundukula kompyuta. "Werenga."

Ndinayamba ndi bambo akutsika njinga pa geti la sukulu. Mabatani anayamba kulira, ndipo sanaleke. Pa mwana wa mpope benchi inaseka, koma kuseka kwina, kosandiseka ine. Pa kaundula munali zii, kupatula zala zija. Ndinapitiriza. Ndinafika pamene bamboyo akutuluka pa geti, envelopu ili m'thumba la ovololo, akukankha njinga osakwera. Ndinatembenuza pepala lachisanu, pamene ndinalemba maganizo a bamboyo, chisoni chake, ndi momwe ana a masiku ano amazunzira makolo. Ndinawerenga mzere umodzi. Zala zinaima.

Sindinadikire. Ndinathothola ndekha pepalalo n'kuwapatsa. Analiyang'ana, analiika m'dirowa.

"Akukankha njinga osakwera," anatero. "Basi. Tamva kale zonse."

Madala aja anavula chipewa n'kukanda m'mutu. "Nanga mwana wakeyo ali kuti, timukwape?"

"Ali pompano," ndinatero.

"Ndadziwa, mphwanga. Ndimafuna ndione ngati uvomera."

Ndinatumiza tsiku lomwelo. Loweruka loyamba wogulitsa nyuzi anapukusa mutu. Lachiwiri chimodzimodzi. Sabata yachitatu msika wa fodya unatsekedwa. Bambo anabwera ndi ovololo ili m'jumbo, anaipachika pa msomali, n'kundiyang'ana. Sindinapemphe masiku owonjezera, ndipo iwo sanapereke. Anandiperekeza ku depoti pa njinga, chikwama chili pa kaliyala, ine ndikuyenda pambuyo.

Ku Ntcheu ndinakhala dzinja lonse. Sindikometsera: ndinadana nako. Manja anatuluka matuza, matuzawo anaphulika, amalume ankandiseka kagwiridwe ka khasu. Kunkazizira mpaka makutu kupweteka, ndipo ndinkakumbukira madala aja. Makope ndinapita nawo awiri. Ndinkawerengera mbuzi mokweza kuseri kwa khola, ndipo ngakhale kunalibe mabatani, ndinkamva pamene zala zikanaima.

Patatha mwezi ndi theka msuweni wanga anabwera kuchokera ku Lilongwe ndi katundu wochokera kwathu: sopo, shuga, ndi nyuzipepala yopindidwa kanayi. Ndinaitambasula pa khonde. Nkhani yanga inali pa masamba a Chichewa, dzina langa ndi la bambo anga lili pamwamba. Mkonzi anasintha mutu, anadulanso ndime imodzi pakati. Ndinakwiya theka la tsiku, kenaka ndinawerenganso n'kuona kuti ndimeyo sikusoweka. M'mphepete mwa tsambalo munali zolemba za bambo, za bolopeni yofiira, zilembo zikuluzikulu zopendama: "Ndaliona. Ukakolola ubwere."

Ndinakolola, ndinabwera. Ndinatsika ndi thumba la kachewere, theka ndinasiya kunyumba, theka ndinanyamula pamutu mpaka ku kontena. Amayi anali akutayipa kalata ya mayi wina wofuna malo pa msika. Ndinadikira pabenchi ngati wina aliyense. Nyuzi ija anali ataimata kukhoma ndi selotepi, pafupi ndi mitengo ya kutayipa.

"Wanenepa," anatero itakwana nthawi yanga. "Kumudzi kwakuyanja."

"Sikunandiyanje. Ndabweretsa kachewere."

"Ika apo. Wabweretsanso chiyani?"

Ndinatulutsa kope. Inali nkhani ya amalume ndi mbewu yawo imene ankaibisa pansi pa bedi. Inataya mapepala awiri.

Kuyambira pamenepo zatuluka zingapo, zina zakanidwa, ndipo zokanidwa n'zambiri kuposa zotuluka. Ntchito yeniyeni ndimagwira ku hadiweya, kunyamula matumba a simenti. Sukulu sindinabwerere, ndipo ameneyo ndi mlandu wanga, sindiupachikanso pa munthu. Satifiketi ndilibe. Chimene ndili nacho ndinachipeza nditaimirira pambali pa tebulo lija, anthu osawadziwa akundiseka, ndipo sindikudziwa kalasi imene ikanandipatsa chimenecho.

Ndiye musandibweretsere makope kuti ndikawerenge kunyumba. Sindikawerenga, ndipo ndikakuuzani kuti ndi zabwino kuti muchoke. Pezani anthu amene sakukukondani kwambiri, amene ali ndi zawo zowadikira, muimirire, muwawerengere mokweza. Amayi anu sawerengedwa, chibwenzi chanunso ayi. Muyang'ane pamene ayamba kusuzumira panja. Mukathothola pepala musalire, koma musalitayenso, lipatseni munthu wouma mtima akusungireni.

Mwezi watha ndinawapempha amayi otayipa aja mapepala anga. Ndinati tsopano ndakula, ndikufuna ndione kumene ndinachokera. Anatsegula dirowa pang'ono, ndinaona mulu wa mapepala a mizere, omangidwa ndi mphira, dzuwa langa lili pamwamba. Anatsekanso.

"Ali bwino momwemo."

"Ndi anga, Amayi."

"Ndi ako, sindikukana. Koma ndikakupatsa, tsiku lina udzasowa cholemba, udzawapukuta fumbi n'kuwatumiza. Ndikukudziwa."

Ndinafuna kutsutsa, koma m'mutu ndinali nditayamba kale kuganiza kuti ya Joni ija, itakonzedwa pang'ono, mwina ikhoza. Ndinangotenga kope langa n'kupatsa malo bambo wina amene ankadikira ndi kalata yofunsira ulonda.

Mapepala makumi atatu ndi anayi. Sanandibwezere ngakhale limodzi.